Muwanga wa ku Bua

Kumapeto kwa Januwale mvula inasiya ukali n'kusanduka mvumbi. Inkangowaza tsiku lonse, yopanda bingu, yopanda mphepo, ndipo phiri la Kasungu, limene limaoneka patali kukayera, linasowa m'mitambo. Nyengo yotere imafuna chinthu chimodzi kwa mlimi wa fodya: chigafa chikhale chiimire. Masamba am'munsi anali atayamba kuchita chikasu m'minda yonse ya kum'mawa kwa Mtunthama, ndipo tsamba likapsa silidikira kuti mwini wake apeze kaye mitengo. Chiswe nachonso chinali chitadzuka. M'mawa uliwonse chinkapezeka chitamata dothi lofiira pa mzati, pa chitseko, pa mpini wa khasu loiwalidwa panja.

Lameki Namakhwa sanabadwire kuno. Makolo ake anachoka ku Phalombe iye akuyamba kumene kuyenda, atakwera lole ya esiteti ina imene inkasaka matenanti. Anakulira m'tinyumba taudzu ta m'mphepete mwa minda ya eni, ndipo anadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Esitetiyo itagwa, makolo anabwerera kwawo. Iye anatsala chifukwa cha Lefina, mtsikana wa mudzi woyandikana nawo, amene ankabwera kudzagulitsa zitumbuwa pa geti. Anamukwatira, nalowa chikamwini, nabereka mwana wamkazi, Feliya. Munda umene amalima ndi wa kwa akazi ake. Chigafa anachimanga ndi manja ake, koma pamudzi chimatchedwa cha a Levison, achimwene ake a Lefina, poti eni mbumba ndi iwowo.

Zake zenizeni zinkachokera ku mtsinje wa Bua.

Zinayamba ndi nkhuni. Mitengo ya pafupi ndi mudzi inali itathera ku zigafa, ndiye chaka china madzi ataphwa Lameki anapalasa njinga mpaka ku Bua kukatola zimene mtsinje unasiya pamchenga. Pakati pa zinyalalazo panali muzu wina wopindika, wosalala ngati mpini wakale, wotuwa ngati phulusa la dzulo. Anabwera nawo, koma mtima wouponya pamoto unamukanika. Anauimika pakhonde. Unakhala pomwepo mpaka tsiku lina Mayi Sellah, amene ali ndi shopu ya makatani ndi maluwa apulasitiki pa Mtunthama, anadutsa akuchokera ku maliro, naima, nafunsa ngati alipo ina yotere.

Kuyambira pamenepo ankatola chilichonse chimene anthu atopa nacho. Matabwa a bokosi lakale la jeke yopanikizira mabelo a fodya ankasanduka timashelufu. Mikangala yothyoka, imene inapachikidwapo fodya zaka zambiri mpaka kuda ndi manja, ankaidula n'kuzunguliza kalilole. Mizu ya ku Bua ankaiboola kuti muime kandulo, kapena kuikhomera misomali yopindika yokolekapo makiyi. Miyezi imene chigafa chimakhala chopanda fodya, kuyambira m'chisanu mpaka mvula, ndiye inali yake. Ankakhala kumapeto kwa chigafacho, pa chitsa, zida zake zili m'thumba la fetereza.

Poyamba ankapaka vanishi, zinthuzo n'kumanyezimira ngati mipando ya kutsogolo m'tchalitchi. Mayi Sellah atalandira katundu woyambayo anamutembenuza m'manja, napukusa mutu.

“Mwaupha mtengo, bambo Namakhwa. Makasitomala anga, aphunzitsi aja, akufuna mtundu umene madzi anasiya. Musapakenso kanthu. Ngakhale mafuta a m'manja mwanu ndikadatha ndikadawaletsa.”

Lameki anamva, ndipo patapita nthawi maso ake anagwirizana nawo. Lefina yekha sanagwirizane nazo.

“Zonyezimira zija ndiye zinali zokongola,” ankatero. “Izi anthu akugula nkhuni ndi maso ali poyera. Sukulu ikachuluka imatero?”

Ankaseka, iyenso n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanakhalepo naye pansi kuti amufotokozere. Mawu amene Lefina ankamva kawirikawiri anali amodzi: musakhudze.

Mtengo wa muwanga anaupeza chaka chatha, madzi atangotsika. Unali utakwiririka theka pa gombe pamene Bua amakhota. Kuufukula kunamutengera tsiku lathunthu, ndipo ngolo yokautenga anachita kuilimira ganyu. Unali wamtali kumuposa, wopotoka pang'ono ngati munthu amene watembenuka kuti amve woitana, ndipo pamwamba unagawikana nthambi ziwiri. Madzi anali atausenda khungwa lonse, dzuwa n'kuuyeretsa, mpaka unakhala wotuwa mbuu, wa timing'alu ting'onoting'ono ngati ta chidendene cha mlimi mwezi wa Okutobala. Lameki anali asanatolepo chinthu chotere, ndipo ankadziwa kuti mtsinje subweretsa chotere chaka ndi chaka.

Anauimika m'chigafa, pamthunzi, kuti uume pang'onopang'ono monga aumira fodya, chifukwa mtengo wa m'madzi ukaumitsidwa padzuwa umasweka. Mchenga wa m'ming'alu ankauchotsa ndi sipoko ya njinga ndi mswachi wotha. Chisanu chinadutsa, chilimwe chinadutsa. M'mutu mwake zonse zinali zitatha: pansi chimbale chachitsulo cha khasu la thirakitala, pakati pa nthambi ziwirizo kalilole wozungulira. Ukanaima m'chipinda chochezera cha munthu, alendo n'kumafunsa kuti anakonza ndani. Mayi Sellah anaona chithunzi pafoni nati pali mphunzitsi wina amene akulowa nyumba yatsopano, akuufuna isanafike Pasaka.

A Levison nawonso anali atauona.

M'mawa wina wa mvumbiwo anamupeza Lameki akusesa m'chigafa pokonzekera fodya woyamba. Anagogoda mzati wapakati ndi chikwanje, mzatiwo n'kulira ngati chitini.

“Alamu, mphanda yapakati yatha. Pansi ponse ndi ufa.”

“Ndaona. Ndifunafuna ina.”

“Mufuna kuti? Bulugamu wa m'dera lino anagulidwa ali chiimire, mvula isanagwe. Kapena mukagwetsa ya Esikomu?” Analoza ndi chikwanje kumapeto kwa chigafa. “Nanga iyo yaima apoyo ikudikira chinkhoswe?”

“Imeneyo si mphanda, alamu.”

“Ili ndi nthambi ziwiri. Ndi yaitali bwino. Ndi muwanga, woti mdzukulu wa Feliya adzaupeza. Ngati si mphanda ndiye ndi chiyani, ndi abusa?”

“Ili ndi mwini wake kale.”

“Fodyayunso ali ndi eni ake,” anatero a Levison, mosakweza mawu. “Ndi amene timadya chaka chonse. Koma poti inu ndinu amisiri, ife tiziyang'ana.”

Mkamwini sakangana ndi mwini mbumba pabwalo la eni. Lameki anapita kudimba, nadula nsungwi ziwiri, nazimangirira pamodzi, nachirikiza nazo mtanda wa denga pafupi ndi mzati wodyedwawo. Onse awiri ankadziwa kuti nsungwi ndi zongonamiza maso.

Mawa lake anamanga katundu wamng'ono panjinga, timashelufu ndi zoikamo makandulo, kuti akasiye kwa Mayi Sellah, ndiponso kuti akafunse pa msika ngati pali wogulitsa mitengo. Asananyamuke anamuitana Lefina pambali.

“Amake Feliya, mundisamalire muwanga uja. Alamu asaukhudze.”

“Pitani. Muupeza.”

Mitengo pa msika panalibe. Amene anali nayo iwiri anali atalonjeza kale wina. Anabwerera masana, matope atamata mateyala mpaka ankachita kutsika n'kumakankha njinga. Atafika sanalowe m'nyumba, analunjika kuchigafa. Fungo ndi limene linayamba kumulonjera, fungo la kuchigayo.

Muwanga unali pamalo pake. Kuyambira pansi mpaka pamene dzanja la munthu wamkazi limalekeza, unali wakuda bii, wonyezimira. Nthambi ziwiri zokha pamwamba ndi zimene zinatsala zotuwa. Pambali panali chigubu cha oyilo wakuda amene a Levison anakapempha kuchigayo kuti azipaka m'munsi mwa mizati, ndi kansanza, ndi nthenga ya nkhuku.

Lefina anatulukira akupukuta manja pa chitenje. Nkhope yake inali ya munthu amene wagwira ntchito yabwino.

“Mukadachedwa mukadapeza chulu,” anatero. “Ndimati ndidzaone ngati achimwene sanabwere, ndiye ndapeza chiswe chamata dothi mpaka m'chiuno. Ndakolopa lonse. M'ming'alumo ndalowetsa ndi nthenga, palibe pamene ndasiya.”

Lameki anayang'ana nthengayo. Anayang'ana kunyumba ya apongozi ake, imene khomo lake linali lotsegula, pafupi kwambiri moti chifuwa cha munthu chimamveka.

“Muwanga sudyedwa ndi chiswe,” anatero motsitsa mawu. “Chimangomata pamwamba. Mukadangosesa.”

“Ine ndikadadziwa bwanji? Mzati uliwonse timapaka.”

“Si mzati.”

“Munati ndiusamale.”

“Ndinati asaukhudze.”

“Munati achimwene asaukhudze. Sanaukhudze.” Lefina anasiya kupukuta manja. “Ndiye mwati ndalakwitsa?”

“Mwaupha. Miyezi yonseyi. Anthu amafuna kutuwa kuja, osati mtengo. Kutuwa kuja ndi kumene ndimagulitsa.”

Lefina anayang'ana muwangawo kuchokera pansi mpaka pamwamba.

“Abambo ake Feliya, zaka zonsezi munandiuzapo zimenezo? Za mitengo yanuyi mumakamba ndi Mayi Sellah pafoni, mpaka kuseka. Ine mumangoti musakhudze, musakhudze, ngati ndine mbuzi yolowa m'dimba. Lero lokha mwati ndisamale. Ndasamala mmene ndidziwira.”

Anatola chigubu ndi kansanza, napita. Nthenga anaisiya.

Masiku otsatira Lameki anagawa thupi pawiri. M'mawa ankathyola fodya ndi anzake, mame ndi mvumbi zikumunyowetsa mpaka m'khwapa, utomoni wa masamba ukuda m'manja. Masana ena akusoka, iye ankazembera kumapeto kwa chigafa. Anayesa phulusa ndi madzi otentha. Anayesa sopo waufa. Anayesa mchenga wa kumtsinje ndi chiguduli, mpaka zala zinatuluka matuza. Wina anamuuza za palafini. Palafiniyo anangosungunula oyiloyo n'kumulowetsa mkati kwambiri. Kenaka anapala ndi galasi losweka. Kudako kunachoka ndithu, koma pansi pake panatuluka mtengo wofiirira, wamba, ngati thabwa la kwa kalipentala aliyense. Kutuwa kuja kunali kwa pakhungu pokha, kopyapyala kuposa chikhadabo, ndipo mtsinje unatenga zaka kuti ukuike. Dzuwa likangosuzumira pang'ono, ming'alu imene Lefina anaidyetsa ndi nthenga inkayambanso kulira misozi yakuda.

A Levison ankadutsa ndi mikangala paphewa.

“Mukumusambitsabe mkwatibwi, alamu? Mumuveke ndi velo.”

Lameki ankangopitiriza kupala. Lefina ankasoka fodya atayang'ana kwina, singano ikulowa ndi kutuluka m'mitsitsi ya masamba. Kunyumba ankamuikira madzi osamba, ankamupatsa chakudya, koma za muwanga panalibe amene ankazitchula.

Potsiriza anakwera pa chulu pamene foni imagwira bwino, nawaimbira Mayi Sellah. Anawauza zonse, osatchula amene anapaka.

“Oyilo wa kuchigayo? M'nyumba ya munthu? Ayi, bambo Namakhwa, makatani onse anganunkhe.” Anapuma. “Mwati pamwamba sipanafike?”

“Nthambi ziwiri zija zili bwino. Ndi kachigawo pang'ono m'munsi mwake.”

“Ndiye dulani pamenepo. Muikemo kalilole wanu, chikhale cha pakhoma. Si chimene aphunzitsi aja amafuna, koma ndichilandira, wina achikonda. Dulani msanga, oyilo amakwera.”

Anatsika pachulupo mtima utapepukako pang'ono. Sichinali chimene anachiona m'mutu mwake miyezi yonse ija, koma chinali kanthu. Dzina lake likanafikabe pakhoma la munthu. Madzulo asanagwe anatenga khala, najambula mzere kuzungulira muwangawo, chala chimodzi pamwamba pa pamene kuda kunalekeza. Macheka anawanola n'kuwapachika pa msomali.

Kunacha ndi mvula yeniyeni, yolemera, yoongoka. Itadukiza, Lameki anatenga macheka napita kuchigafa.

Denga linali litagwada pakati. Udzu wonyowa ndi fodya wamuwisi zinali zitalemera pamodzi, nsungwi zake ziwiri zija zitapindika ngati uta, imodzi itang'aluka. Mzati wodyedwa uja unali utatitimira m'dothi. Pamene denga linakhota, madzi ankasonkhana n'kumadontha pa masamba, ndipo mikangala yam'munsi inali itatsika mpaka nsonga za fodya zinkakhudza matope. Fodya wonyowa motero sachedwa kuola; amayamba kuda m'mitsitsi, kenaka amangoyoyoka.

Lefina anali kale m'katimo, akutsitsa mikangala umodzi umodzi n'kumaisanjika pa mphasa kumbali kouma, kumene kunali kutadzaza kale. Tsitsi lake linali ndi udzu. Anaona macheka m'manja mwa mwamuna wake, anaona mzere wa khala pa muwanga, napitiriza kutsitsa. A Levison anaima panja manja ali m'chiuno, akuyang'ana dengalo. Nthabwala zinali zitawathera. Sanayang'ane ngakhale kumene kunali muwanga.

“Ndikadule nsungwi zina,” anatero, osauza munthu weniweni. “Mwina zinayi zingagwire mpaka Loweruka.”

Kumunda masamba achiwiri anali atayamba kale chikasu.

Lameki anafika pa muwanga. Anaika mano a macheka pa mzere uja, nawasiya pomwepo osakoka. Nthambi ziwirizo zinali pamwamba pa mutu wake, zotuwa, zoyera, mpata wake wokwanira bwino kalilole. Unalinso wokwanira bwino mtanda wa chigafa. Akadula, chotsalacho chikanakhala chipika chopanda pogonera mtanda, chachifupi, chosathandiza aliyense. Kumbuyo kwake ankamva dontho likugwa pa tsamba, ndi kupuma kwa Lefina akanyamula mkangala wolemera.

Anakhala choncho nthawi yaitali, moti a Levison anafika mpaka pa mpanda wa dimba. Kenaka anapachika macheka pa msomali.

“Alamu,” anaitana. “Zisiyeni nsungwizo. Bwerani ndi khasu.”

A Levison anabwerera pang'onopang'ono. Anayang'ana muwanga, nayang'ana Lameki.

“Ndiye mwavomera kuti ndi mphanda?”

“Kumbani apa. Pafupi ndi wakalewu.”

Anakumba mosinthana, dothi lofiira likumata pa khasu. Dzenje litafika m'chigongono, anaugoneka muwangawo, naunyamula awiri. Unali wolemera kuposa mmene a Levison ankaganizira, ndipo anatukwana chapansipansi oyilo atawadetsa malaya. Anaulowetsa m'dzenje chopendekeka, nauimika. Lefina anasiya mikangala nadzagwira nawo m'munsi, pamene iye mwini anapaka.

“Imikani pomwepo,” anatero a Levison. “Zakwana. Ndikwirire.”

“Dikirani. Tembenuzani pang'ono.”

“Nthambi zaloza kale bwino, mtanda ulowa.”

“Ulowanso tikatembenuza mbali inayo. Tembenuzani.”

“Fodya alibe maso, alamu. Mvula ikubwera iyo.”

“Ndati tembenuzani.”

Aka kanali koyamba kuti Lameki alankhule motero kwa mwini mbumba. A Levison anatsegula pakamwa, nayang'ana mlongo wawo. Lefina anali atayamba kale kupotoza. Anauzunguliza onse atatu, mpaka mbali ija yokhota ngati munthu wotembenuka inayang'ana kukhomo la chigafa, kumene wolowa amayamba kuona.

“Apo,” anatero Lameki.

A Levison analowa pansi pa mtanda ndi phewa, Lameki naye, nakankha pamodzi. Denga linalira, madzi amene anali atasonkhana pamwamba anakhuthukira kunja, nsungwi zinagwa zokha. Mtandawo unakwera, unadutsa nsonga ya nthambi, n'kukhala pakati pa ziwirizo. Lameki anakwera pa chitsa chake chija, naumanga ndi waya, napotokola ndi pulayala mpaka waya unaluma. Atatsika anapukuta mzere wa khala ndi chala chonyowa. Kenaka anakokera dothi m'dzenje ndi phazi, natenga mpini, nasinja kuzungulira, nathiranso dothi, nasinja mpaka mpiniwo unayamba kudumpha.